Mmene mungasinthire kaseweredwe pa poker ya pa intaneti tebulo likakhala la anthu ochepa

Anzanga amene mumasewera Texas Hold'em pa intaneti, ambiri mwa inu gemu imeneyi munaizolowera pa tebulo la anthu 9, pomwe nzeru yake ndi yoti uzitaya makhadi ofooka onse nkumadikira abwino. Ndiye munthu amalowa pa tebulo la 6-max, la anthu osapitirira 6, kapena anali pa tebulo lodzadza bwinobwino kenako anthu atatu anyamuka, iye nkumapitirizabe kusewera chimodzimodzi, ndalama nkumatha pang'onopang'ono osadziwa kuti zikudontha pati. Amati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo pa tebulo lodzadza zimenezo nzoona ndithu, koma anthu akachepa kudekha kumeneko mumakulipirira, hand iliyonse mukulipira. Komanso musamve ngati ndikuti muzingolowa ndi makhadi alionse, ayi, amenewo ndi omwe amadyedwa msanga kuposa odikira aja. Chomwe chikusintha ndi malo amene mwakhala ndi anthu angati atsala kumbuyo kwanu, makhadi amabwera pambuyo pa zimenezo.

Yambani ndi kuwerengera zomwe ma blind, ndalama zokakamiza zomwe mipando iwiri imaika makhadi asanagawidwe, akukudyerani. Round imodzi mumalipira small blind ndi big blind, pamodzi ndi 1.5bb, bb kutanthauza big blind imodzi, ndipo ndi mmene tiziwerengera ndalama monse muno chifukwa zimagwira ntchito pa stake iliyonse. Pa tebulo la anthu 9, mukangokhala osasewera kalikonse kwa ma hand 100, mwataya pafupifupi 17bb. Pa anthu 6 ndi 25bb. Pa anthu 4 ndi 37.5bb, pa atatu 50bb, mukatsala awiri 75bb. Pomwe makhadi abwino aja sakuwonjezereka, AA imabwerabe kamodzi pa ma hand 221, pair iliyonse m'manja imabwera kamodzi pa 17, kaya muli awiri kaya muli khumi. Ndiye ngati lendi ya mpando yakwera koma makhadi akubwera chimodzimodzi, ndalama imeneyo muyenera kukaitenga kwina, ndipo kwinako ndi ma pot ang'onoang'ono omwe palibe akuwafuna kwenikweni.

Chachiwiri, dziwani mpando wanu musanayang'ane nkomwe makhadi. Pa 6-max mipando, motsatana mmene amayankhulira makhadi akangogawidwa, ndi UTG, hijack, cutoff, button, small blind ndi big blind. Apa pali chinthu chomwe anthu ambiri samachiona: tebulo la anthu 6 ndi tebulo lomwe lija la anthu 9 koma atatu oyambirira ataya kale makhadi. UTG ya pa 6-max ili ndi anthu asanu kumbuyo, chimodzimodzi munthu wachinayi pa tebulo lodzadza. Ndiye sikuti cutoff ya pa 6-max ndi ina, cutoff ndi cutoff basi. Kusiyana kwake nkwakuti mipando itatu yoyambirira ija yomwe mumangotaya makhadi mukumwa tiyi kulibenso, nthawi zonse muli pamalo pomwe pakufunika kuganiza.

Tiyeni tiwerengere pang'ono kuti muone chifukwa chake anthu otsala kumbuyo ali nkhani yaikulu. Makhadi 52 amapereka ma combo 1,326 a makhadi awiri. Tengani amphamvu okhaokha, TT (T ndi 10), JJ, QQ, KK, AA, AK ndi AQ. Pair iliyonse ili ndi ma combo 6, ndiye zisanu ndi 30, AK ili ndi 16, AQ 16, pamodzi 62, pafupifupi 4.7% ya makhadi onse. Mukakhala ndi anthu 8 kumbuyo, mwayi woti mmodzi wa iwo wagwira chimodzi mwa zimenezi uli cha m'ma 32%. Anthu asanu kumbuyo, watsika kufika cha pa 21%. Pa button pomwe kwatsala ma blind awiri okha, ndi pafupifupi 9% basi. Mwaonatu? AJ yomwe pa UTG ya tebulo lodzadza imakuvutitsani mutu, pa cutoff ya 6-max ndi chuma, pa button ndiye chilombo.

Chachitatu ndi makhadi otsegulira, ndikutanthauza onse ataya mpaka kufika pa inu. Sindikupatsani tchati chonse, koma chithunzi chake ndi ichi, tikunena za cash game ya stack, ndalama zomwe muli nazo patebulo, ya 100bb. Pa UTG khalani olimba ndithu, cha m'ma 15 mpaka 18% ya makhadi: ma pair ambiri, ma ace a mtundu umodzi, AK, AQ, AJ, KQ, ndi zolumikizana za mtundu umodzi ngati JT ndi T9. Pa hijack onjezani pang'ono, cha m'ma 20 mpaka 22%. Pa cutoff ndi pomwe chitseko chimayamba kutseguka, 26 mpaka 30%. Pa button 40 mpaka 50%, pair iliyonse, ace aliyense wa mtundu umodzi, ma king ambiri a mtundu umodzi, ngakhale zinthu ngati 65 kapena 97 za mtundu umodzi, ndi K9 kapena T9 zosiyana mtundu. Ineyo cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi munthu amene wamva kuti pa 6-max umasewera makhadi ambiri, ndiye akutsegula A7 yosiyana mtundu pa UTG koma pa button akutaya Q8 ya mtundu umodzi, wazitembenuza. Kufutukula kuchitike kumapeto kwa tebulo, koyambirira kukhalebe kothina.

Ndipo mukamalowa, lowani ndi raise. Kupanga limp, kungoika big blind imodzi nkudikira flop, makhadi atatu oyamba a patebulo, kumakuchotserani njira imodzi yodyera pot, ija yoti onse ataye makhadi pompo, komanso kumaitana wina wa kumbuyo kuti akukwezereni iye ali ndi position, kutanthauza kuti aziyankhula inu mutayankhula kale. Mu 2019 pulogalamu ya kompyuta yotchedwa Pluribus, yomwe anapanga Noam Brown ndi Tuomas Sandholm kudzera ku Carnegie Mellon University ndi Facebook, inagonjetsa akatswiri pa gemu yomweyi ya anthu 6, ndipo podziphunzitsa yokha inafika posiya limp pamipando yonse kupatula pa small blind. Kukula kwa raise musakuvutikire, 2.5bb ndi yokwanira pamipando yambiri, ena pa button amatsitsa kufika 2bb kapena 2.2bb, pa small blind kwezani kufika 3bb chifukwa mukasewera flop yonse mulibe position. Ngati wina wapanga kale limp, onjezani 1bb pa limp iliyonse. Chachikulu kukula kwake kuzikhala kumodzi kaya mwagwira AA kaya 76, chifukwa mukamakweza kwambiri ndi makhadi abwino okha, anthu atcheru akuwerengani pasanathe ola.

Tsopano kuba ma blind, apa ndi pomwe pali chakudya cha tsiku ndi tsiku cha 6-max. Mukakweza 2.5bb pa button, mukuika 2.5 kuti mudye 1.5, ndiye ngati ma blind onse awiri akutaya makhadi kopitirira 62.5% ya nthawi, mwapindula kale ngakhale mutati flop iliyonse muzingotaya. Mukakweza 2bb, nambala imeneyo imatsika kufika 57%. Ndipo kumbukirani kuti akapanga call simunafe, muli ndi makhadi omwe atha kugunda flop komanso ndinu omaliza kuyankhula mpaka pa river, khadi lomaliza la patebulo. Ndiye yang'anani anthu awiri amene ali kumanzere kwanu, amenewo ndi omwe akhale pa ma blind nthawi zonse inu mukakhala pa button. Akakhala otaya makhadi msanga, atengereni mpaka adzuke. Akakhala oyankha ndi 3-bet, kukwezanso pamwamba pa raise yanu, pafupipafupi, chotsani makhadi ofooka kwambiri, chepetsani raise, muyambe kuganiza za 4-bet, kukwezanso pamwamba pa 3-bet yawo. Akakhala ongopanga call chilichonse, siyani zinyalala, lowani ndi makhadi omwe amapanga pair yabwino, mukawadyere pa flop ndi pa turn, khadi lachinayi la patebulo.

Mbali inayo ndi pamene akuberani ndinu. Anthu ochokera ku tebulo lodzadza amataya big blind mopitirira muyeso. Tiwerengere: button wakweza 2.5bb, small blind wataya, pakati pali 4bb, inu mukufunika kuwonjezera 1.5bb yokha. 1.5 pa 5.5 ndi 27%, kutanthauza kuti mtengo wake ndi wotsika kwambiri, ndipo munthuyo akukweza ndi pafupifupi theka la makhadi onse. Zoona mulibe position ndiye simudzafika ku showdown, poonetsana makhadi, nthawi zonse, nchifukwa chake sitinganene kuti chilichonse chokhala ndi mwayi wodya wopitirira 27% mupange call, koma makhadi ambiri a mtundu umodzi, zolumikizana, ma ace ndi ma king apakatikati, zonsezo nzotetezera. Akakweza ndi wa pa UTG kapena raise yake ndi 3bb kupita m'mwamba, thinitsani. Small blind ndi nkhani ina, pamenepo call ndi yoipa kawirikawiri chifukwa kumbuyo kuli big blind yemwe atha kukufinyani ndi raise ina, komanso flop ikabwera oyamba kuyankhula ndinu. Pa small blind wina akakweza, nthawi zambiri sankhani pakati pa 3-bet ndi kutaya.

Tafika pa 3-bet, kukwezanso pamwamba pa raise ya mnzanu. Pa tebulo lodzadza ambiri amapanga 3-bet ndi QQ, KK, AA ndi AK basi, ndiye aliyense amadziwa nkuthawa. Pa 6-max zimenezo sizikwana chifukwa omwe akukweza pa cutoff ndi pa button agwira makhadi ambiri ofooka omwe sangapirire raise yachiwiri. Osewera okhazikika amakhala ndi 3-bet ya cha m'ma 7 mpaka 10%. Kukula kwake, mukakhala ndi position kwezani katatu raise yake, 2.5 ikhale 7.5bb, mukakhala pa ma blind kwezani kanayi, cha m'ma 10 kapena 11bb. Motsutsana ndi button kapena cutoff, TT, JJ, AQ, AJ ya mtundu umodzi ndi KQ ya mtundu umodzi ndi makhadi opangira 3-bet molimba mtima. Pa bluff sankhani makhadi ngati A5 ndi A4 a mtundu umodzi, ndipo chifukwa chake nchosangalatsa: ace yemwe muli nayeyo amachepetsa ma combo a AA a mnzanuyo kuchoka pa 6 kufika pa 3, a AK kuchoka pa 16 kufika pa 12, komanso akapanga call muli ndi mwayi wa flush yapamwamba ndi straight ya A mpaka 5. Koma yang'anani kaye munthu. Ngati ndi uja satha kutaya makhadi, bluff ya 3-bet ndi kuwotcha ndalama, mpangireni 3-bet ndi makhadi abwino okha koma ochulukirapo.

Ma pair ang'onoang'ono, 22 mpaka 66, asamalireni pano. Set, pair yanu itapeza khadi lachitatu lofanana nayo, imabwera pa flop 11.8% ya nthawi, kamodzi pa 8 ndi theka, ndiye kupanga call mukuyembekeza set kumafuna kuti nonse awiri mukhale ndi stack yoposa call yanuyo ka 15 kapena 20, komanso kuti mnzanuyo akhale ndi makhadi amphamvu oti akulipireni. Pa 6-max vuto lake nlakuti wokweza pa button nthawi zambiri alibe kalikonse, mugunda set yanu iye nkutaya pa bet yoyamba.

Flop ikatuluka, mfundo yoti muisunge m'mutu ndi iyi: makhadi awiri osafanana amagunda pair pa flop pafupifupi 32% ya nthawi, kamodzi pa katatu. Ma pot ambiri a 6-max amakhala a anthu awiri, ndiye kawirikawiri nonse mwaphonya, ndipo amadya ndi amene wayamba kuika bet yomveka. Tione hand imodzi pafupi. Muli pa button ndi K8 ya ma spade, onse ataya, mwakweza 2.5bb, small blind wataya, big blind wapanga call, pot ndi 5.5bb. Flop yabwera A, 7, 2, mitundu itatu yosiyana, spade imodzi. Iye wapanga check. Simunagunde kalikonse, koma taganizani, AA, AK ndi AQ akanakhala nazo bwenzi atapanga 3-bet, inu ma ace amphamvu onsewo mungakhale nawo, ndipo pa flop imeneyi palibe draw yeniyeni, makhadi osowa limodzi kuti akwane straight kapena flush, yoti ayitsatire. Ikani bet yaing'ono, gawo limodzi mwa atatu a pot, cha pa 1.8bb. Bet imeneyi imangofuna kuti ataye 25% ya nthawi kuti ibweze ndalama yake, ndipo Q9, J8, T6 ndi zina zotero zomwe anatetezera nazo blind ambiri amazitaya. Akapanga call, turn nkubwera spade ina, muli ndi flush draw, mutha kupitiriza ndi bet yokulirapo. Turn ikabwera khadi lopanda ntchito, palibe manyazi kupanga check nkuisiya.

Tsopano makhadi omwewo, koma flop yabwera 9, 7, 6, ziwiri za mtundu umodzi womwe si wanu. Apa zinthu zatembenuka, flop yotere imagunda makhadi omwe big blind amatetezera nawo, ma pair awiri, ma straight, ma draw osiyanasiyana, ndipo mukaika bet yaing'ono akhoza kukukwezerani mpaka mutaye 8 wanu yemwe ali ndi draw ya straight mbali zonse ziwiri. Apa check imakhala yabwino nthawi zambiri, muone turn ulere. Draw imeneyo ili ndi makhadi 8 oikwaniritsa, flush draw ili ndi 9, ndipo kawerengedwe kachidule ndi kuchulukitsa ndi 4 pa flop ngati muona makhadi onse awiri otsala, kapena ndi 2 pa khadi limodzi. Ndiye flush draw pa flop ndi pafupifupi 35% kufika pa river, koma cha m'ma 19% pa turn yokha. Manambala a bet nawo asungeni: theka la pot limafuna kuti ataye 33%, magawo awiri mwa atatu 40%, pot yonse 50%. Ndipo mukakhala atatu kapena anayi mu pot, chepetsani bluff kwambiri, mmodzi mwa iwo amakhala wagunda.

Chomwe chimandipweteka kuona ndi munthu akuopa pair yake. Pa tebulo lodzadza top pair, pair ya khadi lalikulu kwambiri pa flop, ikakumana ndi raise nthawi zambiri imakhala yagonja, ndiye anthu anazolowera kuisewera mwamantha. Pa tebulo la anthu ochepa top pair yokhala ndi kicker wabwino, khadi lanu lachiwiri lija, ndi hand yodyera pa flop, pa turn, nthawi zina mpaka pa river. Mwagwira AJ pa cutoff, flop J, 6, 3, big blind ndi munthu wokonda call, ikani bet, turn ikani bet, river ikabwera khadi losaopsa ikaninso, chifukwa akulipirani ndi KJ, QJ, JT, 88, ngakhale A6. Ndalama zambiri pa ma stake ang'onoang'ono zimachokera pa bet zoterezi, osati pa bluff zikuluzikulu zomwe mumaona pa YouTube. Ngakhale pair yachiwiri imatha kutenga bet imodzi kapena ziwiri. Komano munthu wofatsa, yemwe wakhala akungopanga call usiku wonse, akakukwezerani pa turn kapena pa river, mukhulupirireni, anthu oterewa sanama pamenepo, tayani pair yanu mtima uli m'malo.

Pa river mukamaganiza zopanga call, werengerani osati kumvera m'mimba. Pot ndi 20bb, iye waika 10bb, inu muika 10 kuti mudye 30, ndiye mukufunika kukhala patsogolo kamodzi pa kanayi, 25%. Akaika pot yonse mukufunika 33%. Motsutsana ndi munthu waukali amene ma draw ake onse aphonya, pair yapakati imakwana. Motsutsana ndi wofatsa uja, ngakhale mtengo utaoneka wabwino, siyani.

Izi zikutifikitsa pa kuwerenga anthu, ndipo pa 6-max nzosavuta kusiyana ndi tebulo lodzadza chifukwa anthu ndi asanu okha ndipo mukukumana nawo hand ndi hand. Lembani ma note, pafupifupi tsamba lililonse la poker lili ndi malo olembera ndi mitundu yopakira mayina. Mukaona showdown, bwererani muone mmene anasewera kuyambira pachiyambi, wina akaonetsa J4 yosiyana mtundu atapanga call ya raise, mwadziwa kale zambiri za iye. Komwe amalola mapulogalamu ngati PokerTracker kapena Hold'em Manager, manambala awiri oyamba kuyang'ana ndi VPIP, kangati amalowa mu pot mwakufuna kwake, ndi PFR, kangati amalowa ndi raise. Wosewera wokhazikika pa 6-max amakhala cha m'ma 24 ndi 20, pomwe pa tebulo lodzadza amakhala cha m'ma 15 ndi 12. Mukaona 45 ndi 8, ameneyo ndi wokonda call, musamunamize, mulipiritseni. Mukaona 14 ndi 11 pa 6-max, mubereni ma blind koma akakweza mupatseni ulemu. Manambalawa musawakhulupirire pa ma hand 20, ndipo 3-bet imafuna ma hand mazana angapo kuti ikhale ndi tanthauzo. Werengani kaye malamulo a tsamba lanu chifukwa ena monga GGPoker salola HUD yochokera kunja, pulogalamu yoonetsa manambalawa pa sikirini, ali ndi yawoyawo, ndipo kutsegula solver, pulogalamu yowerengera kaseweredwe koyenera, ngati GTO Wizard kapena PioSolver mukusewera ndi kubera, amatseka akaunti nkulanda ndalama. Zida zimenezo nzophunzirira mukatseka matebulo.

Mpando nawo sankhani ngati mpata ulipo. Wokonda call ndi waukali wosaganiza akhale kumanja kwanu kuti muziyankhula iwo atayankhula kale, wothina akhale kumanzere. Dolo wa 3-bet akakhala kumanzere kwenikweni kwa inu ndipo patebulo palibe wofooka aliyense, nyamukani, matebulo alipo ambiri. Pa gemu zothamanga ngati Zoom ya PokerStars kapena Rush & Cash ya GGPoker simusankha mpando, mukataya makhadi amakusamutsani pompo, ndiye anthu amataya msanga nkumadikira zabwino. Kumeneko kuba ma blind kumayenda bwino, koma raise zikuluzikulu za pa turn ndi river zimakhala zenizeni kawirikawiri.

Za thumba ndiyenera kunena mosabisa. Pa 6-max mukusewera ma hand ambiri ndi makhadi apakatikati, ndiye kukwera ndi kutsika kwa ndalama kumakhala kwakukulu, mutha kusewera bwino nkuluza ma buy-in, ndalama zolowera pa tebulo, angapo motsatizana. Ambiri amalangiza kukhala ndi ma buy-in 30 mpaka 50 a stake yomwe mukusewera, zikatsika inunso tsikani stake, palibe chochititsa manyazi. Ndalama imeneyi ikhale yoti itatha moyo upitirira, osati ya lendi, osati ya ana, osati yangongole, ndipo onetsetsani kuti zaka zanu zakwana komanso malamulo a dziko lanu amalola. Ikiranitu malire musanayambe, mwina ma buy-in atatu, akatha tsekani. Mtima ukapsa chifukwa wina wakudyani ndi makhadi opanda pake pa river, pa 6-max mukumana nayenso hand yotsatira ndipo chilakolako chobwezera chimakula, pamenepo ndi pomwe anthu amataya za sabata yonse pa mphindi 20. Masamba ambiri ali ndi batani loikira malire a deposit kapena kudzitsekera kwa masiku, ligwiritseni ntchito mukaona kuti simukutha kusiya nokha. Rake nayo, gawo lomwe tsamba limatenga pa pot, musaiiwale, ambiri amadula cha m'ma 5% ya pot mpaka pa malire ena, ndipo pa ma stake ang'onoang'ono malirewo safikika msanga. Pa masamba ambiri pot yothera flop isanatuluke samaidula, nchifukwa china 3-bet imaposa call, ndipo makhadi a m'malire otetezera big blind ndi bwino kuwataya rake ikakhala yokwera.

Tebulo likapitirira kuchepa, musadikire kuti muzindikire mochedwa, yang'anani pa sikirini hand iliyonse kuti muli angati, wina akadina sit out mpando wanu wasintha dzina. Pa anthu anayi woyamba kuyankhula ndi cutoff, ndiye makhadi a cutoff ndi omwe mukutsegulira. Pa atatu muli button, small blind, big blind basi, ma hand awiri pa atatu muli pa blind, ace aliyense ndi wamphamvu, king high imadya showdown nthawi zina, ndipo nkhondo ya small blind ndi big blind imabwera pafupipafupi. Pamenepo mukakhala big blind muli ndi position, tetezani mofutukula kwambiri. Mu tournament zikafika pa tebulo lomaliza pali ma ante, ndalama zina zokakamiza pambali pa ma blind, omwe amakulitsa pot, ndiye kuba kumakoma kwambiri, koma stack ikatsika pansi pa 10 kapena 12bb siyani ma raise ang'onoang'ono, ndi all-in kapena kutaya, ndipo call ya all-in ya wina izikhala yothina kusiyana ndi all-in yanu, makamaka pamene wina wa stack yochepa watsala pang'ono kutuluka ndipo mphoto ikwera.

Mukatsala awiri malamulo a mipando amasintha, button ndi amene amaika small blind, amayamba kuyankhula flop isanatuluke koma amamaliza pa flop, turn ndi river. Pa button muzisewera makhadi ambiri zedi, 80% kupita m'mwamba si zachilendo, ndi raise yaing'ono ya 2bb kapena 2.5bb, ndipo pa big blind muziteteza opitirira theka. Pair iliyonse pa flop ndi kanthu, ace high nthawi zambiri ili patsogolo. Gemu imeneyi ndi ya munthu mmodzi yekha, ndiye ma hand 30 oyambirira muziona kuti amataya kangati pa c-bet, bet yomwe wokweza uja amaika pa flop, amakweza ndi draw kapena ndi zenizeni zokha, amachita chiyani mukamupangira check kawiri. Ngati watsalayo ndi wofooka, khalani, hand iliyonse mukusewera ndi iye. Ngati ndi dolo yemwe akukupanikizani ndipo simunayeserere heads-up, gemu ya awiriyi, pa cash game palibe akukukakamizani, dinani sit out mudikire anthu abwere kapena mupeze tebulo lina.